Mayi Woyeza Chisoni pa Tsamba Lapakati

Ku nyuzipepala ija aliyense anali ndi dzina limene sanabadwe nalo, koma la a Sikelo ndi limene linamera mizu mpaka kulembedwa pa kapu yawo ya tiyi. Anali mayi wazaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, wamfupi, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Desiki yawo inali pakona, pakati pa zenera losatseguka ndi kabati ya manyuzipepala akale. Pa kalata yowalemba ntchito panalembedwa kuti aziwerenga nkhani zisanapite kosindikiza n'kumachotsa zolakwika. Koma ntchito imene anatchuka nayo inali ina: ankayeza mawu achisoni.

Pa desikipo panali chitini cha mabisiketi, ndipo mlendo aliyense amene anachitsegula ali ndi njala anachitseka msanga. Munalibe chodya. Munali timakadi todulidwa ku makatoni a mapepala, kalikonse kali ndi mawu amodzi kutsogolo, ndipo kumbuyo kwake kunalembedwa ndi cholembera chofiira nthawi imene mawuwo amaloledwa kutuluka.

Wolemba zamasewera ankafika akupuma movutika.

"Mayi, timu yakwapulidwa zinayi kwa duu. Ndilembe kuti mzinda wonse uli pa chisoni chachikulu?"

"Wafa ndani?"

"Palibe, koma goloboyi uja..."

"Goloboyiyo ali moyo?"

"Pakadali pano ali moyo."

"Ndiye anthu akhumudwa basi. Tenga kukhumudwa, uzipita. Likamafika Loweruka akhala ataiwala."

Malamulo awo anali otere. Kudandaula kunali kwa mitengo ya zinthu ndi mipope youma. Kukhumudwa kunali kwa zinthu zimene munthu amagona nazo n'kudzuka zitapepuka. Misozi inkalembedwa pokhapokha mtolankhani ataiona ndi maso ake ikutsika, ndipo a Sikelo ankafunsa kuti inayambira diso liti. Kusweka mtima kunkatuluka ngati mwini mtimayo wanena yekha. Tsoka analiletseratu pa nkhani za ngozi, chifukwa, m'mawu awo, tsoka ndi bulangete limene amafunditsa munthu amene sanamange mabuleki. Ndipo pansi penipeni pa chitini, katamangidwa ndi mphira, panali kakadi ka chisoni chachikulu. Kameneko kankatha miyezi osaona dzuwa.

Sanabadwe ali otero. Analowa mu ofesiyo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, n'kupatsidwa makina otayipira ndi mulu wa zidziwitso za imfa, ndipo ankathira chisoni paliponse ngati mchere wa wophika watsopano. Kenako, ali ndi ana atatu, amuna awo anagwa padenga la nyumba ya eni ake akulumikiza mawaya a magetsi. Anzawo a kuntchito anawalembera chidziwitso chokongola, chonena kuti banja lili pa chisoni chadzaoneni. Patapita masiku, ali okha kuchipinda, anatenga nyuzipepalayo kuti adule kachidutswako asunge. Atatembenuza tsamba anapeza mutu wa nkhani ina, wa zilembo zazikulu kuposa za amuna awo: chisoni chadzaoneni, mowa wasowa mumzinda. Anaseka mpaka mwana wawo wamkulu anathamangira kukaitana aneba. Atabwerera kuntchito anabwera ndi chitini.

Zaka zinapita, makina otayipira anachoka, makompyuta anabwera, ndipo kenako kunabwera Mkonzi watsopano, mnyamata wamagalasi wa msinkhu wa mwana wawo wachiwiri. Sanali woipa mtima. Anali chabe ndi foni imene inkamuonetsa nkhani zimene anthu akuwerenga kwambiri, ndipo foniyo inkamuuza tsiku ndi tsiku kuti anthu amakonda kumvera anzawo chisoni. Ndiye anakhazikitsa chikwangwani chakuda pamwamba pa tsamba lapakati, cha zilembo zonenepa: ZOMVETSA CHISONI. Sabata iliyonse pansi pake pankagona nkhani ya wina amene zamuvuta. A Sikelo analimbana nacho miyezi itatu, n'kugonja. Chinakhala pamenepo zaka ziwiri, mpaka onse anasiya kuchiona, monga momwe munthu saonera mphuno yake.

Lolemba lina m'mawa, mlonda wa pakhomo anakwera masitepe ndi mayi wina wonenepa bwino, wonyamula chikwama chimene munkasuzumira zigwiriro za maambulera.

"Akuti akufuna amene amaika mawu olira," anatero mlonda, n'kuloza pakona.

Mayiyo anakhala pansi asanauzidwe, n'kuika chikwama pa miyendo.

"Ndinu amene mumaliritsa anthu m'nyuzi?"

"Ndimayesetsa kuti asalire mopitirira," anayankha a Sikelo.

"Ndiye ndafika. Ine ndimasoka maambulera pa msewu wa kumsika, pafupi ndi wosoka nsapato wamwano uja. Ndikufuna mulembe za mwana wanga. Koma mukalemba kuti ndikulira, asisi, ndidzabwera kudzakuthyolerani ambulera pamutu."

A Sikelo anavula magalasi. M'zaka zonse zija anthu ankabwera kudzapempha kuti chisoni chawo achikulitse. Wopempha kuti achibise anali asanamuonepo.

Nkhani yake inali iyi. Mayiyo anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, wamtali ngati mlongoti, amene anapita ku koleji. Chaka chachiwiri analephera mayeso ndipo anamuchotsa, koma anaopa kunena. Kwa zaka ziwiri ankanyamula chikwama nthawi yotsegulira sukulu, n'kumabwera pa holide ndi nkhani za aphunzitsi. Tsiku lolandira madigiri litafika, mayi ake anasoketsa diresi, anadzaza minibasi ndi abale, n'kukakhala mu holo kumvetsera mayina. Anaitana onse mpaka womaliza. Atatuluka anamupeza ataima pa masitepe opanda mkanjo, ndipo mayiyo anamvetsa zonse nthawi imodzi.

"Ndinalira, asisi. Sindikubisirani. Ndinalira mokuwa, pamaso pa azakhali ake, pamaso pa ojambula zithunzi, pamaso pa ana a eni ake ovala zisoti. Iye anangondiyang'ana, n'kunena kuti amayi ndikubwera. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano akubwerabe."

"Simunalengeze?"

"Kawiri, ku nyuzi ina. Iwo analemba kuti mayi wosweka mtima akulira usana ndi usiku. Anandijambula manja ali m'khosi, anandiuza okha kuti nditero. Taonani chimene ndinakolola."

Anatulutsa kalata yofewa chifukwa chopindidwa kambirimbiri. Inalibe adiresi. Inali ndi mizere iwiri yokha: Amayi, ndawerenga. Ndinakulizani kokwanira, sindingabwere kudzakulizaninso.

"Mwaona? Ali moyo, ndipo amawerenga. Koma chimene anathawa ndi misozi yanga, ndiye inu mukamutumizira misozi yomweyo m'nyuzi, athawiranso kutali. Tsono vuto ndi ili. Msewu wathu akuukuza. Pa sate mwezi uno benchi yanga ikuchoka, nyumba imene anakuliramo akuigwetsa. Akadzabwera mochedwa adzapeza phula. Adzafunsa ndani?"

A Sikelo anayang'ana kalendala. Panatsala masabata awiri ndi theka, ndipo nyuzipepala yawo inkatuluka Lachisanu lokha. Anamva kanthu kakuthamanga m'chifuwa, kamene anali atakaiwala, kofanana ndi kamene ankamva ali mtsikana akamva makina osindikizira akuyamba kulira.

"Nyamukani," anatero. "Ndikufuna ndikaone benchiyo."

Anakhala kumeneko masana onse, pa chitini cha penti chotembenuza, kope lili pa bondo. Anaona mmene mayiyo ankalumira ulusi ndi mano a m'mbali, mmene ankawongolera nthiti za ambulera pa bondo lake ngati akuwongola mwana wopindika msana. Anamva akukangana ndi wosoka nsapato za mthunzi wa khonde, nkhondo imene inali itatha zaka khumi ndi zisanu popanda wopambana.

"Mayi inu, mwadutsanso malire!"

"Malire ake ati, bambo? Dzuwa ndi la agogo anu?"

Anamumva akuimba nyimbo imene palibe akanaizindikira ngakhale amene anaipeka. Kenako anapita limodzi kukaona nyumba yatsopano, ya zipinda ziwiri, kuseri kwa thanki yamadzi. M'chipinda chachiwiri munali bedi limene kalipentala analitalikitsa mwapadera, chifukwa mabedi a m'sitolo ankasiya mapazi a mwanayo panja.

Kulemba kwake ndiye kunali ntchito. A Sikelo, amene anatha moyo wawo wonse akuchotsa misozi m'nkhani za ena, anapeza kuti dzanja lawo lomwe likulowera ku chitini lokha. Analemba kuti mayi wosauka, n'kufufuta. Analemba kuti akudikira mwachidwi, n'kuona kuti mawuwo akununkha chisoni chobisala, n'kufufutanso. Ngakhale mawu oti yekha anawayang'ana nthawi yaitali n'kuwachotsa. Chimene chinatsala chinali mayi amene nyengo yamvula amasoka maambulera khumi ndi awiri patsiku, amene wanenepa, amene amaimba akamasoka, amene sanagonjebe pa nkhani ya mthunzi, amene akusamuka pa sate kupita kuseri kwa thanki, ndipo kumeneko kuli bedi lalitali limene palibe mlendo amene waloledwa kugonapo. Pamapeto anaika nambala ya foni ya pa desiki yawo. Mutu wake unali wouma ngati chidziwitso cha basi: Wosoka maambulera akusamuka pa sate.

Mkonzi anawerenga ataima, n'kumenya pepala ndi kuseri kwa dzanja.

"Mayi, mwatola golide n'kumupaka matope! Mwana wosowa, digiri yabodza, nyumba yogwetsedwa, zonsezi mwaziika kuti? Apa mutu wake ndi zaka zisanu ndi ziwiri za misozi. Anthu agawana nkhaniyi mpaka mafoni atenthe!"

"Agawana, bwana. Anthu zikwi makumi awiri anena kuti ayi ndithu, zomvetsa chisoni, kenako akulungire tomato. Ine sindikufuna zikwi makumi awiri. Ndikufuna munthu mmodzi wamtali."

"Koma mayiwo sakulira?"

"Akulira."

"Ndiye tikunama. Inu amene mumatizunza ndi choonadi!"

Funso limenelo linawalasa, chifukwa anali atadzifunsa okha kale ali m'minibasi.

"Sindinalembe kuti salira, mwanawe. Ndalemba zimene manja awo akuchita. Zimenezonso n'zoona, kungoti sitizilemba chifukwa sizigulitsa. Ndakupemphapo chiyani chibwerere iwe muno?"

"Mpando watsopano, fani, kuti ndisiye kuimba mluzu..."

"Zimenezo n'zazing'ono. Ndikupempha tsamba lapakati, sabata imodzi, ndipo chikwangwani chako chakuda chichoke."

Mkonzi anayang'ana foni yake, anayang'ana denga, n'kupuma mozama.

"Sabata imodzi. Koma likakhala tsamba losawerengedwa kuposa onse, mundigulira chakudya chamasana."

"Ndikugulira ndi chakumwa chomwe."

Lachinayi linali tsiku lotseka masamba. Woyala masamba pa kompyuta anali bambo wina wandevu amene ankaitana aliyense kuti mlamu, mpaka dzinalo linamubwerera. A Mlamu anachita monga ankachitira sabata iliyonse: anatsegula tsamba lapakati la sabata yatha, anachotsa nkhani yakale, n'kuthiramo yatsopano ndi chithunzi cha mayi uja akuseka, ambulera yofiira ili m'manja. Anasindikiza pepala loyeserera n'kulipereka.

A Sikelo analiwerenga katatu. Koyamba ndi maso, kachiwiri ndi rula pansi pa mzere uliwonse, kachitatu kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro, kuti nkhani isawanyengerere. Munalibe msozi ngakhale umodzi. Anasaina. Mkonzi anasaina. A Mlamu anatumiza masamba kosindikiza nthawi ya leveni, n'kukhoma pepala loyesereralo pakhoma pamodzi ndi anzake, n'kutambasula manja.

Cha m'ma wani koloko a Sikelo anapita kumapeto kwa chipinda kumene kunali ketulo. Anathira tiyi, anatakasa, n'kutembenuka kapu ili kukamwa. Kuchokera kutali kumeneko timalemba tating'ono sitinkaoneka. Pakhoma pankaoneka zinthu ziwiri zokha: nkhope ya mayi akuseka, ndi pamwamba pake, chakuda bii, ZOMVETSA CHISONI.

Kapu inagwa.

"Mlamu!"

"Mlamu wanga, mwapsa?"

"Chikwangwani! Chikwangwani chija chilipo!"

A Mlamu anayang'ana khoma, ndevu zawo zinagwa. Anthu atatu anali atawerenga tsambalo, ndipo onse atatu maso awo analumpha zilembo zazikulu kuposa zonse, chifukwa anali ataziona kambirimbiri mpaka zinasanduka khoma. A Sikelo anali atasaka chisoni m'timing'alu tonse ndi rula, chikhalirecho chili pampando pamwamba pa mutu wawo.

"Imbani kosindikiza!"

A Mlamu anaimba. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso.

"Sakuyankha, mlamu. Makina akayamba kulira samva foni kumene kuja."

"Ndiye ayamba!"

Palibe amene anaonapo a Sikelo akutsika masitepe mmene anatsikira tsiku limenelo. Mlonda anangomva mphepo. Pamsewu anaimitsa njinga yamoto, chinthu chimene analumbira pamaso pa ana awo kuti sadzakwera, n'kukhala cham'mbali atagwira jekete la woyendetsa ndi manja onse awiri.

"Kosindikiza mabuku, kuseri kwa malo ogulitsira matayala. Thamanga, mwana wanga!"

"Kuli matenda, mayi?"

"Kuli chikwangwani!"

Woyendetsayo sanafunsenso. Analowa pakati pa minibasi ziwiri, anazemba ngolo ya makabichi, anadutsa kanjira ka kuseri kwa malo otsukira magalimoto kumene madzi a sopo anawathovukira m'miyendo. A Sikelo anatseka maso, kenako anawatsegula, ndipo anadabwa kudzimva akukuwa kuti, "Mpitirire ameneyo! Mpitirire!"

Nyumba yosindikizira inkanjenjemera kuyambira panja. Mkati munkanunkha inki ndi mafuta, ndipo pepala linkathamanga pakati pa zitsulo zozungulira ngati mtsinje wosefukira. Kumapeto kwake manyuzipepala opindidwa ankatuluka motsatizana, lililonse litanyamula mayi woseka ndi chikwangwani chake. Mkulu wa makina, bambo wa mimba yaikulu ndi zotseka m'makutu, anawaona akubwera akugwedeza manja ngati akuthamangitsa nkhuku.

"Zimitsani!"

"Mwati?"

"Zimitsani, achimwene!"

Bamboyo ankawadziwa a Sikelo kuyambira onse ali ndi tsitsi lakuda, ndipo sanawaonepo atavala nsapato imodzi. Anamenya batani lofiira. Phokoso linatsika pang'onopang'ono mpaka kunangotsala kulira kwa m'makutu.

"Achemwali, nsapato ina ili kuti?"

"Ili pa msewu wa matayala, idzandipeza. Mwasindikiza angati?"

"Mazana anayi, mwina asanu. Mwalakwitsa dzina la munthu wamkulu?"

"Bola likanakhala dzina la munthu wamkulu."

Anamufotokozera mwachidule, akupuma pakati pa mawu: mayi, mwana, kalata ya mizere iwiri, pa sate. Mkulu wa makina anatenga nyuzipepala imodzi, anaitambasula, n'kukanda m'mutu.

"Kupanga mbale yatsopano yosindikizira ndi maola awiri, ndipo pambuyo panu pali ntchito ya ena ikudikira. Magalimoto onyamula afika folo koloko. Sizitheka, achemwali."

"Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa. Koma awa sanatayike onse."

Bamboyo anawayang'ana, anayang'ananso phazi lopanda nsapato lija. Kenako anapita ku kabati yake n'kubwera ndi kanthu konga cholembera chonenepa.

"Aka timafufutira timadontho pa mbale. Timadontho, osati chinyumba chonsechi. Ndipo ndikafufuta sipabweranso kanthu, pakhala poyera ngati chipumi changa. Bwana wanu avomera?"

"Bwana wanga anavomera kale Lachiwiri. Fufutani."

Anatsegula chitseko cha makina, anazungulitsa chitsulo pang'onopang'ono mpaka mbale yopyapyala ya tsamba lapakati inaonekera, n'kugwada. Anapaka mankhwalawo chilembo chimodzichimodzi, akupukuta ndi kansalu konyowa, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Anyamata a makina anazungulira n'kumawerenga mokweza zimene zatsala. A Sikelo ankanyamula tochi ya foni akumuunikira.

"Gwirani bwino, achemwali, ndingafufute mutu wa mayiyu."

"Mukafufuta ameneyo akuthyolerani ambulera."

Chilembo chomaliza chitachoka, makina anayambanso, ndipo loyamba kutuluka a Sikelo analilanda lisanafike pa mulu. Pamwamba pa tsamba panali mpata woyera, waukulu, wooneka ngati munthu waiwala chinachake. Pansi pake mayi ankaseka. A Sikelo anakumbatira mkulu wa makina mpaka bulauzi yawo inadetsedwa ndi inki, kenako anakakhala pamwamba pa mulu wa mazana asanu olakwika aja ndipo sanasunthe mpaka ataona ndi maso awo akuwadula ndi mpeni wa makina.

Lachisanu nyuzipepala inatuluka. Foni ya pa desiki inalira kasanu ndi kamodzi. Anayi ankafuna kudziwa ngati mayiyo amasokanso zikwama. Mmodzi anadandaula kuti tsamba lake lili ndi chibowo. Womaliza anali wosoka nsapato, wofuna kuti sabata yamawa amve mbali yake pa nkhani ya mthunzi.

Lolemba kunali zii. Lachiwiri Mkonzi anadutsa pa desiki n'kuonetsa foni yake osalankhula: tsamba lapakati linali pansi pa onse, pansi ngakhale pa mitengo ya feteleza. Sanatchule za chakudya chamasana, ndipo kusatchulako kunawapweteka a Sikelo kuposa chipongwe. Anayamba kudzifunsa ngati sanauchepetse kwambiri moto, mwina mwanayo anawerenga n'kuganiza kuti amayi ake ali bwino, samufunanso. Mayi wa maambulera ankaimba foni madzulo aliwonse asanaweruke, n'kungofunsa kuti, "Kaya?" Ndipo a Sikelo ankayankha kuti, "Tidikire, asisi." Masiku otsala anali asanu ndi atatu.

Lachitatu cha m'ma teni, ali pakati pokangana ndi wolemba zamalonda amene ankafuna kuti amalonda a simenti akhale osweka mtima, foni inalira.

"Halo, tsamba lapakati."

Kumbali inayo kunali phokoso la mabasi ndi oitanira, koma munthu sanalankhule.

"Halo?"

"Ndi inu munalemba za mayi wa maambulera?" Anali mawu a mwamuna, otsika, osamala ngati a munthu woyenda pa galasi.

A Sikelo anakweza dzanja, ndipo wolemba zamalonda anatseka pakamwa.

"Ndine, bambo."

"Ananenepadi?"

"Ndithu. Benchi yawo ikudandaula."

Kunamveka kaphwete kakafupi, kothera m'mphuno.

"Ndipo akulimbanabe ndi mdala wa nsapato uja? Anayamba ine ndili ku sekondale."

A Sikelo anadziwa kuti ndi mwana uja. Anatambasula phazi n'kumenya mpando wa a Mlamu, amene anatembenuka, anaona nkhope yawo, n'kuyamba kukodola ofesi yonse ndi manja awiri. Mkonzi anatuluka m'kachipinda kake magalasi ali m'manja.

"Akulimbanabe, mwana wanga."

"Mayi, ndikufunseni chimodzi, koma mundiuze zoona. Inu a nyuzi mumadziwa kukonza zinthu. Mwalemba kuti akuimba, akuseka. Kodi... salira?"

Ofesi yonse inali itazungulira desiki. A Mlamu ankapukusa mutu mwamphamvu, milomo ikunena mopanda mawu kuti kanani, mlamu, kanani. Kukana kunali kosavuta, liwu limodzi lokha. Koma a Sikelo anaganiza za mnyamata amene anakhala zaka ziwiri m'bodza lofuna kusangalatsa mayi ake, ndi kumene bodzalo linamufikitsa.

"Amalira," anatero. "Ine ndili pomwepo analira kamodzi, pamene amandionetsa kutalika kwa bedi. Sanabume, sanagwe pansi. Anapukuta ndi kansalu ka ambulera, n'kuyamba kunena kalipentala kuti anawabera matabwa. Ndipo usanamizidwe, ukafika adzaliranso, mwina mokuwa kuposa tsiku lija. Koma tsiku lija ankalira chifukwa cha pepala la digiri. Pepalalo analiiwala kalekale, sanalitchule n'komwe kawiri. Chimene akulira tsopano ndi iwe, ndipo chimenecho ndiwe wekha ungachithetse."

Basi ina inaliza hutala. A Sikelo anagwira foni pakhutu, akudikira kulira koti yadulidwa.

"Ndilibe chilichonse chowabweretsera," anatero mawu aja. "Ndimameta anthu tsitsi basi."

"Wosoka nsapato uja tsitsi lake lafika m'makutu. Uli kuti?"

"Pa depoti."

"Depoti ya kuti?"

"Ya konkuno. Ndafika ndi basi ya m'mawa. Ndakhala pa benchi maola atatu, miyendo ikukana."

A Mlamu analumpha n'kumenya fani ndi mutu. Wolemba zamasewera anakuwa ngati chagoletsedwa chigoli. A Sikelo anatseka foni ndi chikhatho n'kuwayang'ana onse ndi diso limodzi mpaka anakhala chete.

"Miyendoyo isiye ikane. Khala pomwepo. Wavala chiyani?"

"Shati yobiriwira. Koma mundiona, mayi, ndine wamtali."

"Ndikudziwa, ndinayeza bedi."

Anaika foni pansi n'kutenga chikwama. Mkonzi anali kale pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja, maso akuwala.

"Ndikuperekezani, mayi. Ndiitane wojambula?"

"Ukaitana wojambula ndikwera njinga."

"Chabwino, chabwino, palibe wojambula. Koma sabata yamawa tilemba chiyani?"

"Za mthunzi. Yendetsa."

Ali pa masitepe anaimbira mayi wa maambulera. Inaitana kawiri.

"Kaya?" anatero mayiyo, pakamwa pali ulusi.

"Asisi, lavulani ulusiwo. Valani nsapato, tikudzerani pa benchi pompano. Ali pa depoti, wavala shati yobiriwira."

Kunamveka chinthu chikugwa, zitsulo zikubalalika pa simenti, ndi mawu a wosoka nsapato akufunsa chapatali kuti mayi inu mwatani. Kenako mayiyo anabwerera pa foni, mawu akukwera.

"Muuzeni asasunthe! Mwamva, asisi? Akangosuntha pamenepo ndimuthyola miyendo yonse iwiri! Bambo inu, ndigwirireni benchi, ndipo mthunziwo tengani wonse!"